Pansi pa chipilala cha oyeza malo palibe chuma, chuma chake ndi nambala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lanu la makalata za zinthu zimene anthu ambiri amazidutsa tsiku ndi tsiku osaziona. Ndikunena zizindikiro zimene anthu oyeza malo, masaveya aja, anasiya m'malo osiyanasiyana: zipilala za konkire pamwamba pa mapiri, timikuwa tozungulira tokhomeredwa m'makoma a milatho, ndi timizere tosemedwa pa miyala ya nyumba zakale. Ine ndimakonda kuzisaka. Ndikapeza mpata ndimanyamula mapu akale, tepi yoyezera, kampasi, kaburashi ndi botolo la madzi, n'kuyamba ulendo wokafuna kachitsulo kosaposa chikhatho changa. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti zizindikirozi zikutha, ndipo zambiri zikuphwanyidwa ndi anthu amene sanauzidwepo kuti n'zantchito yanji.

Poyamba tisasokoneze zizindikirozi ndi mabikoni a puloti, amene amasonyeza pamene malo a munthu alekeza. Zimene ndikunenazi zilibe mwini mmodzi, ndipo mabikoni a puloti nthawi zambiri amayezedwa kuchokera pa izo. Zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi benchmark, chizindikiro chimene oyeza malo akudziwa bwino lomwe kuti chili pamsinkhu wa mamita angati kuchokera pamwamba pa madzi a m'nyanja yamchere. Wachiwiri ndi chipilala cha paphiri, chimene chimasonyeza malo enieni pamene chaima padziko lapansi. Pa mapu akale chipilalachi chimajambulidwa ngati makona atatu okhala ndi kadontho pakati, pamene benchmark nthawi zambiri imalembedwa ndi zilembo BM ndi nambala pambali pake.

Nambala imeneyo sinabwere mophweka. Kuti aipeze, anthu ankaimika makina otchedwa levulo pa miyendo itatu pakati pa ndodo ziwiri zolembedwa manambala, ina kumbuyo ina kutsogolo, motalikirana ndi makinawo mamita pafupifupi 50 kapena kucheperapo. Akawerenga ndodo zonse ziwiri ankadziwa kusiyana kwa msinkhu wa malo awiriwo. Kenako ankanyamula makina, wandodo yakumbuyo n'kupita kutsogolo, n'kuwerenganso. Ankachita zimenezi kuchokera kugombe la nyanja, kutsata njanji ndi misewu, mpaka kukafika m'katikati mwa dziko. Akafika pamene ankafuna ankabwerera njira yomweyo akuyezanso, ndipo manambala opita ndi obwerera akasemphana kupitirira mamilimita ochepa ololedwa, chigawo chonsecho ankachiyambiranso. Pa mtunda uliwonse wa kilomita imodzi kapena iwiri ankafuna chinthu cholimba chosasuntha, monga thanthwe, khoma la mlatho kapena maziko a tchalitchi, n'kusiyapo chizindikiro. Tsono kachitsulo kamene kali pa mlatho kali ngati mkanda umodzi pa chingwe chachitali chimene nsonga yake ili m'nyanja.

Nayo nyanja siima phee, imadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, choncho pankafunika kupeza pakatikati pake. Ku Britain anayeza madzi ola lililonse pa doko la Newlyn ku Cornwall kuyambira 1915 mpaka 1921, ndipo pakatikati pa miyeso ya zaka zisanu ndi chimodzizo ndi pamene misinkhu ya m'dzikolo imayambira. Ku Amsterdam anayamba kale kwambiri. Meya wa mzindawo Johannes Hudde anaikitsa miyala isanu ndi itatu yokhala ndi mzere wosema m'makoma otchinga madzi cha m'ma 1684, ndipo umodzi mwa miyalayo udakali pamalo pake lero. Anthu okhala pamalo otsika kuposa nyanja sakanatha kusewera ndi nkhani ya msinkhu.

Wina angafunse kuti masentimita ochepa angalakwitse chiyani. Pamene ankamanga mlatho pa mtsinje wa Rhine ku Laufenburg, pakati pa Germany ndi Switzerland, cha m'ma 2003, mbali ina inkayeza msinkhu kuchokera ku North Sea pamene inayo inkayeza kuchokera ku Mediterranean. Mainjiniya ankadziwa kuti miyeso iwiriyi imasiyana ndi masentimita 27, koma powerengera anaphatikiza pamene pankafunika kuchotsera, ndipo kusiyanako kunafika masentimita 54. Mwamwayi anazindikira ntchito isanathe n'kukonza. Amenewo anali akatswiri okhala ndi zipangizo zonse. Nanga ngalande yothirira mbewu kapena paipi ya suweji yoyenda makilomita angapo, yomangidwa popanda chizindikiro chodalirika poyambira? Madzi amatsetserekera kumene kwatsikadi, zimene zalembedwa pa pulani alibe nazo ntchito.

Zipilala za pamapiri zili ndi mbiri yakeyake. Oyeza malo ankayamba ndi kuyeza mtunda umodzi wowongoka mosamala zedi. Ataima kumapeto kwake ankaloza phiri lakutali ndi makina otchedwa theodolite n'kuyeza ngodya. Ukadziwa mbali imodzi ya makona atatu ndi ngodya zake, mbali ziwiri zotsalazo umazipeza ndi masamu osayendako n'komwe. Kuchokera pamenepo ankalumphira phiri lina, kenako lina, mpaka dziko lonse litalukidwa ndi makona atatuatatu. Ku Britain ntchitoyi inabwerezedwa kuyambira 1935 mpaka 1962 motsogozedwa ndi Martin Hotine wa ku Ordnance Survey (bungwe loyeza malo ndi kujambula mapu la dzikolo), amenenso anakonza maonekedwe a chipilala chodziwika chija: cha konkire, chachitali pafupifupi mamita 1.2, chokhala ndi mkuwa pamwamba wa timipata titatu tokhazikamo miyendo ya makina. Choyamba anachigwiritsa ntchito ku Cold Ashby pa 18 April 1936, ndipo zonse pamodzi anamanga pafupifupi 6,500. Kunja kukayera, munthu woima pa chimodzi ankayenera kuona zina ziwiri. Nthawi zambiri ankayeza usiku poloza nyale zoyatsidwa pa mapiri enawo, chifukwa masana kutentha kumachititsa kuti zinthu zakutali zizioneka ngati zikunjenjemera.

Ndikafika pa chipilala chilichonse, ndisanatulutse n'komwe tepi, ndimaganiza za anthu amene ananyamula simenti, mchenga ndi madzi kukwera nazo phiri limene ine ndakwera ndili wefuwefu ndi kachikwama chabe. M'mabuku mumalembedwa mayina a akuluakulu otsogolera ntchito. Onyamula katundu, olambula njira ndi oyang'anira nyale usiku wonse m'chisanu mayina awo mulibe. Chipilalacho ndiye umboni wokhawo wa thukuta lawo.

Ntchito zina zinadutsa malire a mayiko. Friedrich Georg Wilhelm Struve anayeza mzere wa makona atatuatatu wa makilomita oposa 2,800 kuchokera ku Hammerfest ku Norway mpaka ku Black Sea pakati pa 1816 ndi 1855, pofuna kudziwa kukula ndi maumbidwe enieni a dziko lapansi. Mwa malo 265 amene anayezerapo, 34 anaikidwa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa mu 2005, ndipo ena mwa iwo ndi kabowo chabe koboola pa thanthwe. Mu Africa, David Gill, amene ankagwira ntchito ku Cape Town, anayambitsa ganizo loyeza mzere wotsata longitude 30 (umodzi mwa mizere ya pa mapu yoyenda kuchokera kumpoto kupita kumwera) kuchokera kufupi ndi Port Elizabeth mpaka ku Cairo. Ganizolo linayamba cha m'ma 1879 koma ntchito inadzatha mu 1954, mwini wake atamwalira kalekale. Ngati ena akulondera kabowo ka pathanthwe monga cholowa cha anthu onse, sindikuona chifukwa chake zipilala za mzere wa mu Africa ndi zina zonse zolumikizana nazo ziyenera kusiyidwa kuti zigumuke.

Tsono kusakako kumayenda bwanji? Chipilala cha paphiri sichivuta, chimangofuna miyendo. Zokoma kwambiri ndi timikuwa ta m'munsi. Ku United States ndi kumene anthu okonda zimenezi anachita mwayi, chifukwa bungwe la National Geodetic Survey, lomwe mizu yake ndi ya mu 1807, linaika pa intaneti mbiri ya chizindikiro chilichonse. Chilichonse chili ndi nambala yake ya zilembo ziwiri ndi manambala anayi, chaka chimene chinaikidwa, malongosoledwe a njira yokafikira, ndiponso mndandanda wa anthu amene anakachiona pambuyo pake ndi mmene anachipezera. Munthu wamba akachipeza amaloledwa kutumiza lipoti lake, ndipo limalowa m'kaundula momwemo, pansi pa malipoti a akatswiri a zaka 70 kapena 80 zapitazo. Pa timikuwa tambiri takale ta kumeneko panadindidwanso chenjezo loti wokasokoneza adzalipira madola 250 kapena kumangidwa. Ku Britain kuli anthu amene amayendera zipilala chimodzichimodzi, ndipo mu 2016 bambo wina, Rob Woodall, anamaliza kufika pa zipilala 6,190.

Kumene kaundula wotere sanaikidwe poyera, timadalira mapu akale ndi zimene ofesi yoona za miyeso ya malo ingatipatse tikapempha. Apa mpamene pali ntchito ya mutu. Malongosoledwe akale amanena, mwachitsanzo, kuti chizindikiro chili mamita akutiakuti kum'mawa kwa mtengo waukulu, mamita akutiakuti kumpoto kwa pakati pa msewu, pa khoma la kalavati. Iwe ukafika mtengo uja palibe, msewu anausuntha pomanganso, kalavati inakwiririka ndi dothi. Foni siikuthandiza kwenikweni, pakuti amene ankaika benchmark ankasamala za msinkhu, malo ake ankangowerenga pa mapu, ndipo manambala otero akhoza kukuphonyetsa ndi mamita oposa 100. Umayenera kuima n'kuyesa kuona malowo mmene analili munthu uja akulemba. Chitsa chili kuti? Kamtunda kotalika kameneka kodzala ndi udzu, kodi si msewu wakale? Ine ndikanakhala woyeza malo, nditatopa, ndikufuna mwala woti sudzasuntha, ndikanasankha uti? Ndipo safunsa anadya phula. Achikulire a pamalopo amakumbukira zambiri kuposa mapu, ndipo kangapo konse ndalozeredwa ndi agogo amene anaona ali ana anthu akuimika makina a miyendo itatu.

Tsiku lina ndinkafuna benchmark pa mlatho wakale wosiyidwa, pambali pa watsopano. Pepala linkanena za khoma la kumtunda kwa mtsinje, koma khomalo linali litakutidwa ndi ndere ndi mizu. Ndinayeza kuchokera pa ngodya ya mlatho, ndinapalasa ndi manja, ndinathira madzi n'kukwecha ndi burashi, ndipo pang'onopang'ono panaonekera mkombero wobiriwira, kenako zilembo, kenako nambala yofanana ndendende ndi ya papepala. Ndinakhala pansi kwa kanthawi ndikungokayang'ana. Munthu amene sindidzamudziwa anaika kachitsulo aka ndi chikhulupiriro choti wina adzabwera kudzakafuna, ndipo tsiku limenelo wobwerayo ndinali ine. Chimwemwe cha masewera amenewa n'chimenecho.

Ukapeza, sutenga kanthu. Umatsuka, umawerenga zonse zodindidwapo ndi kuzifananitsa ndi zolembedwa, chifukwa pafupi ndi chizindikiro chenicheni pamakhala nthawi zina tina tothandizira tokhala ndi muvi woloza kumene chenichenicho chili, ndipo ongoyamba kumene amasokoneza ziwirizi. Umajambula chithunzi chapafupi, china chapatali chosonyeza malo onse, umayeza mtunda kuchokera pa zinthu zimene zilipo lero kuti wobwera pambuyo pako asadzavutike, n'kulemba tsiku. Ngati unachita kufukula, umakwiriranso. Ukalephera kupeza umalemba kuti sunapeze, osati kuti chinawonongeka, pokhapokha utaona ndi maso ako dzenje lake kapena zidutswa zake. Zambiri zimene anthu ankati zinatayika zinapezeka pambuyo pake pansi pa dothi losakwana mkono. Pamalo a eni umayamba wapempha, m'njanji yogwira ntchito sulowamo, ndipo m'mabowo a miyala supisamo dzanja mwachisawawa.

Pali ena, ngakhale ophunzira, amene amandiuza kuti zonsezi n'zachikale popeza kuli GPS. Ndikuvomereza kuti oyeza malo a lero sadaliranso kuonana kwa mapiri, ndipo ngakhale Ordnance Survey inasiya kusamala ma benchmark ake wamba, omwe analipo pafupifupi 500,000, n'kungotsala ndi akuluakulu okwana pafupifupi 190. Koma foni ya m'thumba imaphonya ndi mamita angapo, ndipo pa msinkhu ndiye imaphonya kwambiri. Ngakhale makina odula a akatswiri amapereka msinkhu woyezedwa kuchokera pa dziko longoyerekeza la m'masamu, losalala, lomwe silifanana ndi mmene madzi amakhazikikira. Kuti nambala ya setilaiti isanduke msinkhu wothandiza womanga ngalande, pamafunika kuifananitsa ndi zizindikiro za pansi zimene zinayezedwa ndi levulo. N'chifukwa chake National Geodetic Survey yakhala ikupempha anthu kuti aziika makina a GPS pa ma benchmark akale n'kutumiza zimene apeza. Komanso mapu onse akale, mapulani a madamu, njanji ndi malire a minda ikuluikulu anamangiriridwa pa zizindikirozi. Zikachoka, kulumikiza mapepala akale ndi miyeso yatsopano kumakhala kovuta ndi kodula.

Pali chinanso chimene setilaiti singachite, ndicho kutiuza mmene nthaka inalili setilaitiyo isanaulutsidwe. Mu 1977 katswiri wa za madzi a pansi pa nthaka, Joseph Poland, anajambulitsa ataima pafupi ndi mtengo wa mawaya kufupi ndi Mendota ku California. Pa mtengowo anakhoma zikwangwani zosonyeza pamene nthaka inkalekeza mu 1925, mu 1955 ndi mu 1977. Chikwangwani cha 1925 chinali m'mwamba, pafupifupi mamita 9 kuchokera pamene iye anaponda. Chigwa chonse chinali chikutitimira chifukwa chopopa madzi ambiri othirira, ndipo izi zinadziwika poyeza ma benchmark omwewo mobwerezabwereza. Ku Tokyo, chizindikiro chimene misinkhu ya Japan imayambira chinaikidwa mu 1891 pa mamita 24.500. Chivomezi cha 1923 chitachitika anachiyezanso n'kupeza 24.414, ndipo pambuyo pa cha 2011 chinatsika kufika pa 24.390. Chizindikiro chikamakalamba osasunthidwa ndi munthu, phindu lake limakula, chifukwa chimasunga mbiri yaitali ya malowo.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Ndinakwera phiri lina kukaona chipilala chimene ndinachipezapo chili bwinobwino m'mbuyomu. Ndinachipeza chitagwetsedwa chagada, mkuwa wa pamwamba atagoba, ndipo pamene chinaima panali dzenje lakuya kufika m'chiuno. M'mayiko angapo muli mphekesera yoti amene anamanga zipilalazi anabisa pansi pake golide, miyala yamtengo wapatali kapena mekyule. Abale anga, palibe. Pansi pa chipilala pali maziko a konkire ofika pa thanthwe, ndipo kawirikawiri pali kachitsulo kena kolunjika ndendende ndi ka pamwamba, koikidwa n'cholinga choti chipilala chikawonongeka ndi mphezi kapena chisanu adzathe kuchimanganso pamalo omwewo. Wokumba amawononga chizindikiro cha pamwamba ndi chosungira chake chomwe, n'kubwerera kunyumba ndi matuza m'manja. Mkuwa umene wagoba ukagulitsidwa ku zitsulo zakale ndalama yake singalipire n'komwe tsiku limodzi la munthu amene adzafunike kudzayezanso.

Si okumba okha. Benchmark ina imene ndinkaidziwa inapita limodzi ndi khoma lake pamene kontirakitala wina ankakulitsa msewu. Sanalakwe kugumula khomalo, msewu unkafunikadi. Chimene chinasowa n'kudziwitsa oyeza malo kusanagumulidwe, kuti asamutsire msinkhuwo pa chizindikiro chatsopano chapafupi, ntchito yosatenga nthawi yaitali. Wogwira ntchito wina wamtima wabwino anatola kachitsuloko n'kukamatiza ndi simenti pa khoma latsopano, poganiza kuti wathandiza. Ichi n'choopsa kuposa kukataya, chifukwa nambala yake ikunena za malo amene kachokapo, ndipo woyeza amene angakakhulupirire adzalakwitsa zonse zimene adzayeze kuchokera pamenepo. Chizindikiro chikangosunthidwa, ngakhale pang'ono, nambala yake yafa.

Palibe ofesi padziko lapansi imene ili ndi antchito okwanira kuyendera chipilala chilichonse ndi kachitsulo kalikonse. N'chifukwa chake ndikuti kusaka zizindikirozi, ngakhale timachita mongosangalala, ndi ntchito yothandiza anthu onse, ndipo ndikulakalaka titachuluka. Sikufuna ndalama zambiri kapena masamu apamwamba. Aphunzitsi a jogalafe akhoza kutenga ana asukulu n'kupita nawo pa chipilala chapafupi, anawo akaone ndi maso kuti makona atatu aja a pa mapu ndi chinthu chogwirika, aimepo n'kufufuza mapiri ena amene woyeza ankaloza. Mwana amene wachita zimenezo sindikhulupirira kuti angadzabwere ndi piki atakula. Maofesi oona za miyeso nawo atulutse poyera mindandanda ya zizindikiro zawo, ndipo atsegule njira yoti munthu wamba azitumiza malipoti. Ena amaopa kuti kuulula malo ake kuitana akuba, koma okumba aja amazipeza kale popanda mndandanda, ndipo amene akusowa mndandandawo ndi ife ofuna kuziyang'anira.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi loti tsiku lina musindikize zithunzi za chipilala, kachitsulo ka benchmark ndi mzere wosema wokhala ndi muvi kunsi kwake, kuti owerenga azizindikire akakumana nazo. Ndipo owerenga amene akudziwa pamene pali chimodzi mwa zimenezi, chonde lembani zilembo ndi manambala onse amene ali pamenepo, jambulani chithunzi chapafupi ndi chapatali, fotokozani ngati chili chilili, chapendekeka kapena chasweka, ndipo tumizani ku ofesi yoona za miyeso ya malo imene ili pafupi nanu. Mukamva kuti khoma kapena mlatho umene chilipo ukufuna kugumulidwa, uthengawo upite mwamsanga magalimoto ogumula asanafike.

Ine wowerenga wanu,
Wokonda kusaka zizindikiro za oyeza malo